Chitetezo pakhoti: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Chipata ndi maboma ozungulira

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa olandira samani, mboni, achibale a omangidwa, ngakhalenso ogwira ntchito m'makhoti a kuno kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Za mmene mlandu wanu ungayendere, funsani loya kapena a Legal Aid Board. Pano tikukamba za kufika pakhoti, kukhalapo, ndi kubwerera kwanu muli bwinobwino.

Pakhoti pamakhala apolisi kale. Nanga chitetezo china n'chachiyani?

Khoti ndi malo amene boma limaitanira anthu oyambana kuti abwere tsiku limodzi, ola limodzi, nthawi zambiri n'kukhala pabenchi limodzi. Kumudzi anthuwa amazembana, wina akadzera njira ya kudimba mnzake amadzera ya kuchigayo. Pakhoti palibe kozembera. Mwini ng'ombe zobedwa amapezana maso ndi maso ndi abale a woganiziridwa, mayi wamasiye ndi alamu ake amene anatenga makiyi a nyumba, mtsikana wogwiriridwa ndi amalume a womugwirirayo.

Wapolisi amene mwamuona pakhondeyo musamuwerengere msanga. Kawirikawiri iye wabwera ndi ntchito yake, kuperekeza omangidwa kapena kudzapereka umboni pa mlandu womwe anafufuza. Maso ake ali pa anthu a m'maunyolo. Woyang'ana khamu, wodziwa kuti mabanja awiri akhala pansi pa mtengo wa mango aja samwerana madzi, nthawi zambiri sapezeka.

Ndi nthawi iti imene zinthu zimavuta kwenikweni?

Ambiri amaganiza za m'chipinda choweruzira, koma m'menemo ndi momwe muli bata kuposa pena paliponse. Woweruza ali pampando, abambo avula zipewa, ndipo wachipongwe akudziwa kuti akhoza kugona m'selo tsiku lomwelo chifukwa chonyoza khoti. Zovuta zimachitikira panja.

M'mawa, anthu ochokera kutali monga ku Chipangali kapena ku Vubwi amafika khoti lisanatsegulidwe, n'kudikira maola angapo pakhonde limodzi ndi omwe akutsutsana nawo. Apa m'pamene mboni imanong'onezedwa mawu. Woopseza sachita kukuwa ayi. Amangokhala pafupi, n'kupereka moni mwaulemu, kufunsa za ana kunyumba, kenako n'kuti, “Amayi, mukalankhule bwino m'katimo, paja tonse tibwerera njira imodzi.” Palibe mpeni, palibe chibakera, koma umboni uja wafera pomwepo.

Kenako pali nthawi imene galimoto ya kasalanga yafika ndi omangidwa, kaya kuchokera ku ndende ya Namuseche kaya ku maselo a polisi. Achibale amathamangira galimotoyo ndi makontena a nsima ndi mabotolo a thobwa, aliyense akuitana dzina la wake, ena akufuna kumugwirako dzanja. Ngati mlanduwo ndi wakupha munthu, a kubanja la malemu nawo ali pomwepo. Kamtunda kochoka pakhomo la galimoto kufika pakhomo la selo n'kakafupi, koma m'pamene munthu angathawire, kupatsiridwa kanthu m'manja, kapena kugendedwa. N'chifukwa chake galimotoyo iyenera kuima kuseri, m'kati mwa mpanda, kumene gulu silifika.

Koma nthawi yoopsa kwambiri ndi chigamulo chikangoperekedwa. Wina wamasulidwa pomwe abale a wodandaula amayembekezera ndende, kapena wina wapatsidwa zaka 15 mayi ake akumva. Mbali zonse ziwiri zimatulukira khomo limodzi, geti limodzi, n'kukakwera njinga pamalo amodzi. Khoti lodziwa ntchito limatulutsa mbali imodzi kaye, inayo n'kutsala m'kati mpaka anzawo atapita ndithu. Zimenezi sizifuna ngwee ndi imodzi yomwe. Zimangofuna munthu woti ayang'ane mndandanda wa milandu dzulo lake n'kunena kuti wachitatuwu ukhala ndi phokoso.

Kodi makhoti onse ali ndi vuto lofanana?

Ayi. Ku High Court kumapita milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kuba moopseza ndi zida, ndipo popeza aliyense amadziwa kulemera kwake, apolisi ndi alonda a ndende amakhala ochulukirako. Makhoti a majisitireti, omwe malamulo amawatcha Subordinate Courts, ndiwo amasenza milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku, choncho vuto lawo ndi khamu ndi kuchepa kwa malo.

Mmene ine ndimaonera, oiwalika ndi ma Local Court. Kumeneko n'kumene kumathera maukwati, kumene munthu amalipitsidwa chifukwa cha chigololo, kumene amasankha woyang'anira chuma cha masiye. Intestate Succession Act ya 1989 imagawa chuma cha womwalira osasiya wilo motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Papepala n'zomveka. Tsono taganizirani m'bale wa malemu amene anakula akudziwa kuti chuma cha achimwene ake n'cha mbumba, akumva magawo amenewa akuwerengedwa mlamu wake ali pomwepo. Milandu yotere timaitcha yaing'ono, koma ndi imene imawawa mtima kwambiri. Pomwe nyumba zambiri za ma Local Court akumidzi n'zazing'ono, khomo limodzi, mesenjala mmodzi kapena awiri, ndipo polisi ili kutali.

Andisecha pageti? Nanga ndikakana?

Zimatengera khoti ndi tsiku. Pena amangokulozerani kolowera, pena amatsegula chikwama, pena amakuyendetsani m'thupi kamakina kam'manja kolira kakamva chitsulo. Tsiku la mlandu wa ndale kapena wa munthu wotchuka, yembekezerani kusechedwa. Mukakana akhoza kukukanizani kulowa, ndipo ngati munaitanidwa ndi samani, kusaoneka kwanu m'khoti kudzagwera inu nomwe.

Chimene muyenera kuumirira ndi ulemu. Mayi asechedwe ndi mayi mnzake. Umu ndi momwe Criminal Procedure Code imanenera ngakhale pa munthu womangidwa, ndiye kuli bwanji mboni. Za m'chikwama cha munthu, kaya mankhwala a kuchipatala kaya zovala zam'kati, zisamwazidwe patebulo anthu akuonerera. Komanso geti lopanda wapolisi wamkazi limangodutsitsa amayi osasechedwa, ndipo wofuna kulowetsa kanthu amadziwa bwino woti amupatsire.

Maloya, apolisi ndi akuluakulu a boma nawo amasechedwa?

Ayenera kutero, ngakhale kuti kwathu kuno n'kovuta kuti mlonda wamng'ono auze bwana wa suti kuti atsegule chikwama. Mu Juni 2024, pakhoti la Makadara mumzinda wa Nairobi ku Kenya, wapolisi wa udindo anawombera majisitireti Monica Kivuti khoti lili m'kati, atakwiya ndi chigamulo chokhudza belo ya mkazi wake. Mayiyo anamwalira ndi mabalawo. Wowomberayo sanali chigawenga cha m'tchire, anali munthu wa boma wololedwa kugwira mfuti.

Phunziro lake n'losavuta. Mfuti ilowe m'khoti ndi okhawo amene apatsidwa ntchito yolonda kapena yoperekeza omangidwa tsikulo. Wapolisi kapena msilikali wobwera ngati mboni, kapena wobwerera mlandu wa m'bale wake, aisiye ku ofesi kwake. Ndipo mlonda wa pageti amalimba mtima pokhapokha akadziwa kuti majisitireti wamkulu amuikira kumbuyo bwana uja akakwiya.

Ndi zinthu ziti zimene ndisabwere nazo?

Mfuti, mipeni, zikwanje, nkhwangwa, zibonga, malegeni, malezala, mowa ndi chamba, izi n'zodziwikiratu. Vuto n'lakuti ambiri obwera ndi zinthu zoopsa alibe cholinga choipa. Mlimi wa ku Kasenengwa akabwera m'tauni sabwerera mlandu wokha. Adzera ku msika wa Kapata kugula khasu latsopano, botolo la mankhwala opopera thonje kapena matimati, mwinanso petulo wa njinga yamoto, zonse m'thumba limodzi ndi samani. Kampeni ka m'thumba ndiye ena sakasiya n'komwe. Gulani zimenezo mukatuluka. Botolo la mankhwala lija, m'manja mwa munthu amene ukwati wake wangotha mphindi zapitazo, ndi loopsa kwa ena komanso kwa iye mwini.

Nalo khoti likhale ndi posungira katundu pageti, bokosi lokhoma ndi kabuku kolembamo, mwini n'kupatsidwa nambala. Popanda zimenezi anthu amabisa mpeni m'maluwa a kumpanda kapena kuupatsira mwana kuti ausunge. Ndodo ya agogo, ndodo zoyendera za wolumala ndi ndodo yoyera ya wosaona siziyenera kulandidwa, aziyang'ane n'kuzibweza.

Nanga foni?

Zimitsani musanalowe. Kujambula zithunzi, vidiyo kapena mawu popanda chilolezo kungakugwetsereni mu mlandu wonyoza khoti. Ena amaona ngati n'kukhwimitsa zinthu chabe, koma chithunzi cha mboni chikalowa pagulu la WhatsApp la kumudzi kapena pa Facebook, pofika madzulo aliyense wadziwa amene walankhula ndi zimene wanena.

Ndine mboni ndipo ndikuopa. Ndichite chiyani?

Nenani, ndipo nenani tsiku la mlandu lisanafike. Uzani wapolisi amene anafufuza mlanduwo kapena woimira boma wa ku National Prosecution Authority. Ngati nkhaniyo ndi ya nkhanza za m'banja, kugwirira kapena kulanda chuma cha masiye, pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Kuopseza mboni kapena kuinyengerera kuti isinthe umboni ndi mlandu pawokha, ndipo woimbidwa mlandu amene ali pa belo akhoza kulandidwa beloyo khoti likamva kuti akusokoneza mboni, kaya yekha kaya potuma abale.

Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011 imalola khoti kupereka chikalata choletsa wankhanza kuyandikira amene anamuchitira nkhanzayo. Makhoti ofulumizitsa milandu ya nkhanza zotere anayamba mu 2016 ku Kabwe ndi ku Lusaka, ndipo pambuyo pake Chipata nayo inakhala ndi lake. Chimodzi mwa zolinga zake n'choti wochitiridwa nkhanza, makamaka mwana, athe kupereka umboni ali m'chipinda china kudzera pa kamera, osayang'anizana ndi womuzunzayo. Funsani woimira boma ngati zimenezi zingatheke pa mlandu wanu. Manambala aulere a 933 pa za nkhanza ndi 116 pa za ana alipo ofunsirako nzeru.

Tsiku la mlandulo musabwere nokha. Mukafika kadziwitseni woimira boma kuti mwafika, ndipo pemphani kudikira pamalo ena, ngakhale pabenchi la pakhomo la ofesi ya kalaliki. Mauthenga oopseza a pafoni musafufute, ndiwo umboni wanu. Wina akakuyandikirani ndi mawu okuluwika aja, musamuyankhe, imirirani n'kukanena nthawi yomweyo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mukamaliza kupereka umboni, musaime pageti kufotokozera anthu mmene zayendera.

Ana amatetezedwa bwanji?

Children's Code Act ya 2022 imafuna kuti milandu ya ana isamvedwe pagulu, dzina ndi nkhope ya mwana zisafalitsidwe, ndiponso mwana woganiziridwa mlandu asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu. Chotsalira ndi nyumba zake. Ngati pakhoti selo ndi imodzi ndipo khonde ndi limodzi, mwana azidikira mu ofesi, pali wa zachisamaliro cha anthu kapena kholo, ndipo mlandu wake uitanidwe koyambirira.

Womangidwa naye amafunika chitetezo? Si ndiye wolakwa?

Constitution yathu imati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa kapena atavomera yekha. Amene ali pa rimandi sanaweruzidwe. Ngakhale woweruzidwa kale, chilango chake ndi chomwe khoti lanena, osati miyala ya anthu pageti.

Selo ya pakhoti imafunika mpweya, madzi, chimbudzi, ndi kulekanitsa amuna, akazi ndi ana. Anthu othinana m'kachipinda kotentha mwezi wa Okutobala, osamwa madzi kuyambira m'mawa, sachedwa kumenyana, ndipo chipwirikiti choterocho ndiye mpata wa wofuna kuthawa. Chakudya cha achibale chidzere m'manja mwa operekeza kuti achiyang'ane. Ndipo achibale dziwani izi: kuthawa m'manja mwa boma ndi mlandu wina woonjezera, ndipo wothandiza munthu kuthawa naye amamangidwa.

Anthu amati ena amabwera ndi mankhwala kuti mboni isokonezeke kapena fayilo isowe. Khoti limachitapo chiyani?

Funso ili anthu amalifunsa monong'ona, koma limafunsidwa kwambiri. Witchcraft Act, mutu 90 wa malamulo a Zambia, imaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komanso imaletsa kudzionetsa kuti uli ndi ufiti pofuna kuopseza ena. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, munthu wowaza ufa wakuda pakhomo la khoti kapena woonetsa mboni kanyanga mwakabisira akufuna chinthu chimodzi, kuti mboniyo igwidwe mantha. Kumeneko n'kuopseza, ndipo wogwira ntchito pakhoti amene wauzidwa asaseke.

Tsiku limene kuli mlandu wa gogo womenyedwa pomuganizira ufiti, mudzi wonse umabwera, ndipo ambiri amakhala kumbali ya omenyawo. Tsiku limenelo kupempha apolisi oonjezera si mantha.

Mafayilo ndi katundu wa umboni zimalowanso pa nkhani ya chitetezo?

Kwambiri. Fayilo ikasowa mlandu umaima, wa pa rimandi amakhalitsa m'ndende, wodandaula amataya ndalama za thiransipoti, ndipo anthu otopa ndi “bweraninso mwezi wamawa” ndi amene amayamba kuganiza zothana nazo okha. Adani a mafayilo ndi moto, denga lodontha, chiswe, ndi dzanja la munthu. Kotsekera dzanja la munthu n'kodziwika: mu ofesi yosungira mafayilo musamalowe aliyense, pakhale zenera lothandizirapo anthu, ndipo fayilo iliyonse yotuluka isainidwe m'buku, ndani waitenga, liti, akupita nayo kuti. Kusunganso makope pa kompyuta kumachotsa phindu la kuba pepala.

Katundu wa umboni ndiye amakopa mbava zenizeni. Kuno timakhala ndi mfuti ndi minyanga ya njovu zogwidwa kuchigwa cha Luangwa, chamba, njinga zamoto, ndalama, ndi katundu wozembetsa wogwidwa pamalire a dziko ku Mwami kapena ku Chanida. Chipinda chake chikhale ndi chitseko chachitsulo, makiyi asakhale ndi munthu mmodzi yekha, ndipo katunduyo aziwerengedwa nthawi ndi nthawi. Inu mukalipira faindi kapena chindapusa chilichonse, musachoke opanda lisiti ya boma.

Ndalama n'zochepa. Choyamba kukonza n'chiyani?

Anthu akamva za chitetezo amathamangira makamera ndi makina a pakhomo. Ndi zabwino, koma mu 2024 tonse tinaona magetsi akuzima maola ambiri patsiku chilala chitachepetsa madzi ku Kariba. Kamera yopanda sola kapena batire nthawi yotere ndi chokongoletsera khoma, ndipo ngakhale yoyaka, ngati palibe woyang'ana sikirini, imangothandiza kuona mawa lake mmene munthu anavulalira.

Ine ndingayambe ndi mpanda ndi geti limodzi lolowera gulu. Kenako njira zosakumana: woweruza alowere kwake, omangidwa kwawo, anthu kwawo, ngakhale zitatanthauza kuboola khomo lachiwiri pakhoma la kumbuyo. Kenako malo awiri odikirira, ngakhale atakhala mabenchi pansi pa kashedi, bola odandaula ndi mboni asakhale phewa ndi phewa ndi abale a woimbidwa mlandu. Pambuyo pake magetsi a sola ounikira panja usiku, zozimitsira moto zimene masiku ake sanathe, bokosi la chithandizo choyamba, ndi belu kapena batani pansi pa tebulo la woweruza loitanira thandizo.

China chosagula m'sitolo ndi kukumana. Majisitireti, mkulu wa polisi, a Zambia Correctional Service, oimira boma ndi akalaliki azikhala pansi pafupipafupi n'kuuzana milandu yovuta imene ikubwera. Kumidzi, mafumu ndi anduna awo amadziwa mabanja amene afika povuta khoti lisanadziwe. Ndipo milandu isaitanidwe yonse 9 koloko. Ina ikaikidwa masana, khamu la pakhonde limachepa lokha.

Kukhwimitsa chitetezo sikungatsekereze anthu wamba kunja?

Kungatero, ndipo n'koyenera kusamala. Milandu imamvedwa poyera kupatula pamene lamulo lalola kutseka chitseko, monga pa milandu ya ana. Aliyense ali ndi ufulu wokhala pabenchi n'kumvetsera, ngakhale alibe mlandu. Mlonda asabweze munthu chifukwa wavala patapata, waiwala reji (chiphaso cha unzika) kunyumba, kapena sadziwa Chingerezi. Zikwangwani zikhale m'Chinyanja, ndipo cha ku Lundazi m'Chitumbukanso. Persons with Disabilities Act ya 2012 imafuna kuti nyumba zothandizira anthu zizifikirika ndi olumala, choncho masitepe okhaokha opanda potsetsereka ndi vuto la malamulo komanso la chitetezo, chifukwa moto ukabuka wa panjinga ya olumala ndi amene amatsalira.

Chipwirikiti chikabuka ndili pomwepo, ndichite chiyani?

Musathamangire kukaona, ndipo musatulutse foni. Gwirani mwana wanu, chokani pakhomo kuti apolisi adutse, ndipo mverani zimene akunena. Mukamva kulira kwa mfuti gonani pansi. Womangidwa akathawa musamuthamangitse. Nambala ya polisi ndi 991, ya ozimitsa moto ndi 993.

Ndikaona zolakwika ndikadandaule kuti?

Za geti, selo, chimbudzi kapena khalidwe la wogwira ntchito pakhoti, yambani ndi kalaliki wa khoti, ndipo ngati sizikusintha lemberani majisitireti wamkulu wa pamalopo. Za wapolisi, pitani kwa mkulu wa siteshoni yake kapena ku Police Public Complaints Commission. Za khalidwe la jaji kapena majisitireti, kuli Judicial Complaints Commission, koma dziwani kuti kusakhutira ndi chigamulo kumathetsedwa pochita apilo, osati kumeneko. Wokupemphani kangachepe kuti mulowe, kuti muone m'bale wanu m'selo kapena kuti fayilo ipezeke, kamnenezeni ku Anti-Corruption Commission.

Kulikonse kumene mungapite, lembani tsiku, nthawi, nambala ya mlandu ndi zimene zinachitika, ndipo sungani kope ya kalata yanu yodindidwa kuti yalandiridwa.